Chithunzi cha Usiku ku Kande

Wongani mng'ono wanga, lero patha chaka chimwalirire iwe. Ndayatsa kamera yako ija unkajambulira alendo ku loji, ndipo ndapeza chithunzi chathu cha ku Kande. Unaikhazika pamwamba pa bwato pamchenga n'kunena kuti, "Usiku kamera sagwira m'manja, achimwene, imajambula pang'onopang'ono. Imani nji, osagwedera." Unaitchera kuti ijambule yokha n'kuthamanga kudzaima pambali panga. Ine ndinamvera, koma iwe unayamba kuseka.

Nyali za asodzi a usipa zikuoneka bwinobwino, nyenyezi nazonso, ngakhale mabatani a malaya anga. Iwe wekha ukuoneka ngati utsi. Amama achiyang'anitsitsa n'kundifunsa kuti, "Nanga mwana wanga ali pati?" Ndangowalozera utsiwo, Wongani. Chithunzi china cha ife awiri tilibe.