Chimbale Chokwawa cha a Svetislav

A Svetislav Kojić anayendetsa basi ya pakati pa Pančevo ndi Belgrade mpaka kupuma pantchito, ndipo okwera ankawadziwa ndi chinthu chimodzi: phuma. Ankatseka chitseko munthu phazi lina lili panja. Khofi ankamwa chiimire. Ngakhale pamaliro ankafika kumanda bokosi likadali m'njira.

Paunyamata wawo anali ndi gulu la anthu anayi loimba chamba cha roki, lotchedwa Denga Lodontha. Iwo ankaimba ndi kuliza gitala. Pang'oma pankakhala Bogoljub, mnyamata wa manja ngati mafosholo, amene mlongo wake Radojka anadzakwatiwa ndi a Svetislav. Nyimbo zawo zinali zaliwiro, zoti ovina azikha thukuta ngakhale kunja kukugwa chipale.

M'chaka cha 1978 anajambula chimbale chawo chokhacho m'kachipinda ka kuseri kwa holo ina. Palibe ankadziwa kuti makina a tepi a mmenemo ankazungulira mothamanga kuposa muyezo. Pomvera pa makina omwewo zonse zinali bwino. Koma tepiyo itaikidwa pa makina olongosoka kufakitale ya zimbale, nyimbo zonse zinatsika liwiro. Katoni ya zimbale itafika, anyamatawo anasonkhana kwa mayi a Bogoljub, natsitsa singano. Munamveka chinthu cholemera, chokwawa, mawu a Svetislav atasanduka a nkhalamba yoimbira m'chitsime.

"Wamwalira ndani?" anafunsa mayiwo ali kukhitchini.

Chimbalecho sichinagulidwe. Gulu linatha anyamata ataitanidwa ku usilikali, ndipo zimbale zotsala zinakagona m'chipinda chapansi, pakati pa mabotolo a kachasu wa rakija ndi mgolo wa kabichi wowawasa.

Patapita zaka makumi anayi, achinyamata anachifukula chimbalecho. Olemba za nyimbo anayamba kunena kuti chimbale cha Denga Lodontha chinabadwa nthawi yake isanakwane, kuti anyamata a ku Pančevo anapeza kulemera kumene magulu akunja anadzakupeza pambuyo. Anthu ometa modabwitsa anayamba kugogoda pakhomo pa a Svetislav.

"Kulemera kwanji?" ankawakalipira. "Makina anali owonongeka! Nyimbo zathu sizimenezo!"

Alendowo ankaseka, n'kukalemba kuti mkuluyo ndi wodzichepetsa. Zimenezi zinkawapweteka a Svetislav kuposa kunyozedwa. Moyo wawo wonse ankafuna chinthu chimodzi: anthu adzamve nyimbozo pa liwiro lake lenileni, kamodzi kokha.

Mpata unabwera ndi Tijana, mayi wogulitsa zimbale zakale, amene ankakonza chikondwerero cha nyimbo m'mbali mwa mtsinje wa Tamiš.

"Amalume, mudzatiimbire chimbale chonse," anatero.

"Ndidzaimba, mwana wanga, koma mmene tinazipekera. Mothamanga. Za maliro zanuzo ayi."

Tijana anavomera. Mwa anayi aja mmodzi anali atamwalira, wina ali ku Canada, choncho anati apeza oimba awiri othandizira. Pang'oma panalibe funso.

Koma a Bogoljub anali atagwidwa sitiroko chisanu chapitacho. Dzanja lamanzere linkamva mochedwa, ndipo kuyambira pamenepo ankangokhala pawindo, osameta, osayankha foni. Atamva za chikondwererocho anameta ndevu, nauza mlongo wawo kuti awatsitsire ng'oma kudenga. A Radojka anazipukuta okha fumbi.

Anakumana masana ena m'galaja ya a Svetislav, chitseko chili pululu.

"Alamu, mwanenepa," anatero a Bogoljub. "Gitala akukhala pamimba ngati thireyi."

"Inu khalani pampandopo, musagwe. Ambulansi ndilibe."

A Svetislav anawerenga, wani, thu, liwiro la basi yothamangira nthawi, nalowa. A Bogoljub anawatsatira mizere iwiri, kenako dzanja lamanzere linayamba kutsalira, ndipo ndodo inathawa n'kukagwera pansi pa wilibala.

"Ndodo za masiku ano n'zoterera," anatero a Bogoljub.

"Eya, n'zoterera. Tiyambirenso."

Anayambiranso, nayambiranso. Thukuta linanyowetsa malaya a Bogoljub. Oimba othandizira aja anayamba kuyang'anitsitsa zingwe zawo. Tijana anakokera a Svetislav panja, pafupi ndi nkhata za tsabola zomwe zinkauma pakhoma.

"Amalume, ndikudziwa woimba ng'oma wina, liwiro limeneli amalitha ali m'tulo. Amalume a Bogoljub atha kudzakwera pansanja, n'kupatsa anthu moni."

Analankhula motsitsa, koma sitiroko sinakhudze makutu.

"Mutengeni ameneyo, alamu," anatero a Bogoljub ali m'kati. Anali atayamba kale kumasula mbale zachitsulo za pang'oma ndi dzanja limodzi. "Mwadikira nthawi yaitali. Moni ndimautha. Dzanja ili kubayibitsa limabayibitsa."

A Svetislav anaima pakhomo la galaja. Anthu omwe anakwerapo basi yawo sangakhulupirire, koma anaima nthawi yaitali ndithu, osagwira kanthu, osayang'ana wotchi. Anaona msana wa mlamu wawo utawerama pa ng'omazo, ndi dzanja lija likulephera kugwira kachitsulo kakang'ono komangira mbalezo. Anadziwa kuti ng'omazo zikabwerera kudenga, mwini wake abwerera pawindo.

"Mukumasula chiyani?" anakalipa. "Wakuuzani kuti taweruka ndani? Mangani!"

"Alamu..."

"Mangani, ndati. Tiimba mmene zilili pachimbale."

"Chimbale chowonongeka chija?"

"Chomwecho. Ana awa ndi chimene analipira kudzamva. Kapena mukufuna atigende ndi mabotolo?"

A Bogoljub anawayang'anitsitsa. "Inuyo, Sveta, kuyenda pang'onopang'ono? Mufa."

"Ndikafa mudzandiimbire zomwezi, n'zoyenera kale. Werengani ndinu."

A Bogoljub anagunditsa ndodo, mwapatalipatali, ngati munthu wokhoma msomali m'khoma la mnzake. Dzanja lamanzere linkafika mochedwa pang'ono, ndipo kuchedwa kumeneko kunkakoka nyimbo yonse pansi. A Svetislav anatsegula pakamwa, ndipo mawu omwe anatuluka, mawu a fodya ndi ukalamba, anali a nkhalamba ya m'chitsime ija. Iwo eni anadzidzimuka, koma sanaime.

Pa tsiku la chikondwerero anaimba dzuwa lisanalowe, udzudzu wa mumtsinje ukuwazungulira. Sindinena kuti anaimba bwino kuposa onse. Gitala anaphonya malo angapo, ndipo nyimbo yachitatu a Svetislav anaiwala ndime. Koma ndodo sinagwe, ndipo a Radojka, amene anakhala kutsogolo ndi chikwama cha mankhwala pamiyendo, sanachitsegule.

Atatsika, mtolankhani wina anawatchingira njira ndi chojambulira mawu.

"Bambo Kojić, tiuzeni. Kuchedwa kotchuka kumeneku, munakukonza dala kuyambira pachiyambi?"

Tijana anatseka maso, kudikira nkhani ya makina owonongeka. A Svetislav anapumira m'mwamba. Kumbuyo kwawo a Bogoljub anali atazunguliridwa ndi achinyamata, akusayina zimbale mokhotakhota, akuseka ndi theka la nkhope.

"Funsani wa ng'oma," anatero. "Ine ndimangotsatira. Tandipatsani njira, mwaima pa waya wanga."