Mafuwa a pa Maliro a Achimwene

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa cha mphasa ya pasiwa. Amayi a mpingo anali atasasa mawu ndi nyimbo, ena akuwodzera chokhala. Kunja kunkazizira monga kumachitira fodya akatha m'zigafa. Ndinatuluka kuti ndikaone za madzi, koma nditafika kuseri kwa nyumba ndinaona malodza! Moto unali utayaka kale malo angapo, ndipo mafuwa ake anali miyala ya achimwene.

Achimwenewo, amene tinkawaika m'manda tsikulo, ankagwira ntchito ya boma yofufuza miyala. Zaka zambiri ankakwera mapiri a kumpoto ndi nyundo ndi kampasi, n'kumagumula miyala, uliwonse n'kuulemba muvi wofiira wosonyeza mmene unakhalira paphiripo. Ankati mwala ukamauma kalekalelo umasunga mbali imene kunali kumpoto nthawi imeneyo, ndiye akauyeza pa makina amadziwa kuti phirilo linatembenuka motani, ndiponso liti. Kumudzi kuno ankawaseka kuti phiri si munthu wogona kuti lizitembenuka. Atadwala anabwera nayo miyalayo n'kuiunjika m'chigafa, kudikira mnzawo wa kuntchito kuti adzaitenge. Anandiuza kangapo konse, “Mlongo wanga, isayandikire moto. Ikapsa imaiwala zonse.”

Ndinakuwa pamaliro, ine mphunzitsi wathunthu. “Mwaitenga kuti miyala iyi?”

Mayi wina wa ku Kapelula, akuvundula nyemba, anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. “Nanga kuno mwala muupeza kuti, mayi? Tiphikire pa mawondo?”

Sananame, kwathu kuno ndi mchenga wokhawokha, mafuwa timachita kugumula pachulu. Ndinayesa kukankha mwala umodzi ndi chikuni, mgolo wa tiyi n'kupendekeka. Azakhali anandikoka chitenje, akuti madzi akatayika saoleka, ndisachititse mtundu manyazi.

Dzuwa litakwera anthu anayamba kufika, ena pa njinga, ena pa ngolo, ena atadzaza lole ya ku esiteti. Aphunzitsi anzanga a ku Mtunthama anabwera wapansi. Gulu likafika, moto wina unkayatsidwa, ndipo ndinkangoona munthu akutuluka m'chigafa mwala uli paphewa. Ndikaletsa uyu, uko wina wanyamula kale. Zinandikwana, abale! Ndinakakhala pakhomo pa chigafa ngati galu wolondera, anzanga akulira m'nyumba, ine ndikukangana ndi anthu za miyala. Mpaka lero zimandiwawa kuti mlongo wanga sindinamulire bwino.

Mwambo unachedwa. A tcheyamani a chipani analankhula za makhadi a umembala ndi za chitukuko mpaka mphepo ya fumbi inayamba, dzina la malemu n'kulitchulanso molakwika. Palibe anatsokomola nkomwe, masiku amenewo sunkayerekeza. Kenaka adzukulu ananyamula bokosi, ife pambuyo, kudutsa m'minda ya ziputu za fodya mpaka kumanda. Chigafa ndinachisiya chomwecho, nanga ndikanatani?

Mnzawo wa kuntchito uja anafika tikubwerera, galimoto itamufera ku Chamama. Atapepesa maliro ndinamutengera kuseri. Ananjuta n'kutembenuza mwala umodzi ndi kamtengo. Unali bii ndi mwaye, muvi osaonekanso. Anati yotsala m'chigafa yachepa kwambiri, siingauzenso munthu kanthu. Anaikweza m'galimoto yomweyo, koma ndinaona kuti wangochita ulemu.

Madzulo anthu atabalalika, pakhomo panangoti zii. Alamu anga, akazi a malemu, anali m'chipinda atatsamira khoma, miyendo atatambasula. Ndinalowa ndi mkwiyo wanga wonse n'kuyamba kuwakhuthulira za umbuli wa anthu a kuno, mmene awonongera thukuta la munthu la moyo wonse pofuna kuwiritsa nyemba.

Anandisiya mpaka ndinamaliza. Kenaka anayankha motsitsa.

“Amayi aja anabwera kudzandifunsa. Ndinawauza ndine kuti atenge. Ana onsewa ndabereka bambo awo ali kumapiri, alamu. Miyala imeneyo chiyambire sinandithandizepo kanthu. Lero yaphikako.”

Ndinangokhala pansi pambali pawo, nanenso n'kutsamira khoma. Kuseri wina anathira madzi pa moto wotsala, ndipo tonse awiri tinamva mwala ukusweka.