Ukapitawo wanga pa famu ya fodya

Anthu a mfuti atawotcha nkhokwe zathu ku Mualadzi kachiwiri, ndinauza mkazi wanga Rozita kuti ndikupita ku Zambia kukafuna ntchito. Ndinanyamuka ndi a Zakariya, anzawo a malemu bambo anga. Msewu wopita kuchipata cha m'malire cha Cassacatiza tinauzemba, tinadzera m'tchire.

Tinalembedwa pa famu ya fodya kufupi ndi Katete. Popeza ndinaphunzira ku mishoni, bwana anandipatsa ukapitawo. Ndinkaopa kuti eni dziko anena kuti wothawa nkhondo akukondera akwawo. Choncho ndime za miyala ndinkapatsa anzanga a ku Mozambique, zofewa n'kupatsa eni dziko, malipiro ali amodzimodzi. Kwa Rozita ndinkatumiza mchere, sopo ndi makalata odzitama. Koma ndinkadya ndekha, palibe ankandiitana.

Poyamba a Zakariya ankalawirira kumunda, akuyambitsa nyimbo za kutchalitchi, ena n'kumavomera. Pang'onopang'ono nyimbo zinatha. Anthu ankalima maso ali kudzuwa, udzu n'kumangoukwirira. Tsiku lina a Zakariya anandiimitsa.

"Mwana wa a Filipe, miyala sitikuidandaula, kwathunso iliko. Koma izitipeza tonse."

Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero, koma tsiku limenelo anangondikwiyitsa. Bwana atafunsa chimene chikuchedwetsa ntchito, ndinatchula dzina lawo. Anawachotsa. Anabwerera kwathu nkhondo ili mkati, ine ndinatsala pa ukapitawo wanga.

Mfuti zitaleka kulira ndinabwerera ndi njinga yatsopano, mtima uli m'mwamba, poganiza kuti mudzi wonse undilavulira. Koma Lamlungu, Misa itatha, akazi a a Zakariya anandigwira manja onse awiri.

"Zikomo posamala bambo anu kuchilendo," anatero, akunena amuna awo.

A Zakariya ndinawapeza pakhonde akuluka dengu, mwendo wakumanzere utathera m'bondo. Anaponda bomba lokwirira pa ulendo wobwerera uja. Ndinakhala pansi, maso osadzutsa.

"Bambo, bwanji simunawauze anthu zimene ndinakuchitani?"

"Njala itakula, Rozita ndi ana ankadya pakhomo pano," anayankha, manja osasiya kuluka. "Amayi anuwa akanamva, ana aja akanadya kuti?"

Njinga ija ndinawapatsa. Anailandira mwaulemu, n'kuseka, n'kundifunsa kuti aipalase ndi mwendo uti.