Fyuzi Yofiira ya a Saimoni

Mukafika pa Lundazi n'kumva galimoto ikugunda nyimbo mpaka malata a pamsika kunjenjemera, dziwani kuti galimotoyo inadutsa m'manja mwa a Saimoni. Mukamva nyimbo yadukira pakati ngati woimbayo watsamwa, dziwaninso kuti ndi a Saimoni omwewo, koma apo ndiye kuti mwini galimoto anawalakwira.

Ine ndine Faides. Ndimakazinga vitumbuwa pafupi ndi benchi lawo, kuseri kwa siteshoni ya maminibasi a ku Chipata. Tonse ndife a ku Kasungu, ndiye timanyozana mwachibale. Iwo amati mafuta anga ndi a chaka chatha, ine ndimati ndevu zawo zikufunika khasu.

Kuno anabwera ali mnyamata, kudzagwira ganyu ya fodya ku Chikomeni. Mwini munda anali ndi chilole chakale chokhala ndi wailesi yakufa, ndipo a Saimoni, manja oyabwa chibadwire, anayamba kuitokosa. Yoyambayo anaiotcha. Ya mnzake wa bwanayo anaiotchanso. Yachitatu inalankhula, basi khasu analitaya pomwepo. Anakwatira mayi Jenala, mkazi wofatsa amene Mulungu anamutenga msanga, n'kuwasiyira mwana mmodzi yekha, Racheal. Mwana ameneyu ndiye anali nyumba yonse ya a Saimoni. Ankaopa chinthu chimodzi pa dziko lapansi: kuti tsiku lina wina adzamutenga, iwo n'kutsala akulankhula ndi makoma.

Ntchito yawo ndi kumanga ampu m'magalimoto, chibokosi chija chimene chimapatsa masipika mphamvu kuti mabesi azimveka mpaka m'chiwindi. Anyamata akagulitsa fodya amathamangira ku Chipata kukagula ampu yaikulu, koma waya wochokera ku batire amagula wotchipa. Apo ndiye a Saimoni amayambira ulaliki, ndipo ine ndaumva mpaka ndikhoza kumanga ampu ndekha.

"Ng'ombe yaikulu sumangira ulusi," amatero. "Ampu yaikulu imamwa moto wambiri. Waya akachepa amatentha, akatentha amasungunuka, akasungunuka galimoto yako ndi makala."

Manambala a waya nawonso ndi amwano: nambala ikamachepa ndiye waya akunenepa. Wa folo ndi wonenepa kuposa wa eyiti. Mnyamata akalimbikira kuti akufuna wa nambala yaikulu, a Saimoni amangomupatsa ulusiwo m'manja kuti adzionere yekha uchitsiru wake. Ndipo sakhulupirira chikopa cha waya. Amasenda ndi mpeni, n'kupala timawaya tam'katimo. Tikayera, amalavula. "Dziko la kopa lino, koma akukugulitsani aluminiyamu wopaka utoto!" Pomaliza amamanga fyuzi pafupi penipeni ndi batire. Amati fyuzi si ya ampu ayi, ndi ya waya: moto ukachuluka kuposa umene wayayo anganyamule, fyuzi ipse yokha, galimoto ipulumuke.

Tsono kunabwera Haswell, woyendetsa takisi yoyera, mwana wa ku Kapichila, wamano oyera ndi ulemu wochuluka mokayikitsa.

"Monire adada," anatero, atagwira chipewa pachifuwa. "Nabwela na ampu. Nifuna ilile mpaka ku Chipata bamvele."

A Saimoni anasenda waya amene anabwera naye. Kunja wonenepa ngati chala, m'kati timawaya towerengeka.

"Waya wako ndi wabodza. Ndikuikira fyuzi yobiriwira, ya sate. Usadzaikemo yoposa apa mpaka utagula waya weniweni."

"Yewo adada. Nizagula."

Sanagule, ndithu. Haswell amadziwa chiwongolero basi, boneti amatsegula pothira madzi pokha.

Tsiku lina masana a Saimoni dzino linawavuta, anaweruka msanga n'kukagona. Ali chigonere anamva mabesi akugunda kuseri kwa mpanda wawo. Munthu sasokoneza kulira kwa mwana wake: anadziwa kuti ndi ntchito ya manja awo, takisi ya Haswell ija. Nyimbo inakwera, inatsika, inakweranso. Racheal, amene ankaganiza kuti bambo ake ali m'tulo, ananyamula ndowa n'kutuluka. Anabwerako patapita nthawi, akuimba, ndowa ili gwa, youma.

M'mawa mwake anafika pa benchi nkhope ili ndwii.

"Mayi Faides, ndadzimangira ndekha belu loitanira mwana wanga."

Ndinaseka mpaka chitumbuwa chinapserera.

Mwayi wawo, sabata yomweyo Haswell anabwera kuti sipika imodzi ikukhosomola. A Saimoni anakonza sipikayo bwinobwino, kenako anazemba n'kutsegula boneti. Anazula fyuzi yobiriwira, n'kulowetsamo yofiira, ya teni. Fyuzi ya teni imapirira nyimbo ya pansipansi, ya m'tchalitchi. Ukangopotokola kuti anthu amve, thii! Zii.

Madzulo ake mabesi anayamba kuseri kwa mpanda, n'kufa asanafike pakati. Racheal anakhala ndi ndowa yake m'manja osadziwa kuti atuluke kapena ayi. A Saimoni anandifotokozera m'mawa akuvina ndi mapewa, mpaka anandigula vitumbuwa, chinthu chimene sachita. Ndinangoti mumtima, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Pajatu Racheal ndiye ankawabweretsera chakudya pa benchi dzuwa likafika pamutu. Ndipo galimoto ikafa nyimbo imapita kuti? Kwa a Saimoni. Tsiku loyamba Haswell anabwera wodandaula zenizeni. Anapeza Racheal akutsegula mbale. Tsiku lachiwiri anabwera nthawi yomweyo. Mnyamatayo za magetsi sadziwa, koma si chitsiru: anaona kuti akangopotokola kwambiri, nyimbo imafa, ndipo ikafa ali ndi chifukwa chokhalira pa benchi la adada. Ndinkamuona ndi maso angawa. Dzuwa likamayandikira pamutu amaima pa ngodya ya msika, kuyang'ana ngati Racheal wadutsa, n'kupotokola. Thii!

"Adada, yapsa futi."

"Galimoto yako ili ndi ziwanda," a Saimoni amatero, mutu uli m'boneti, akumwetulira okha polowetsa yofiira ina. Kumbuyo kwawo anthu awiri akugawana chitumbuwa chimodzi, maso ali pa maso.

Zinayenda choncho mpaka fyuzi zofiira zinayamba kusowa m'tauni. Ine mtima unandipweteka, chifukwa wakutsina khutu ndi mnansi.

"A Saimoni, kodi inu mumati mukumulanga? Kale ankaima kuseri kwa mpanda. Lero mwamulowetsa pakhomo, mukumupatsanso mpando."

Anatembenuka pang'onopang'ono. Anaona mbale ya chakudya chawo ili pakati pa awiriwo, Haswell akutafuna nyama imene inali yawo. Mayo ine! Sipanala inauluka. Haswell anathawa boneti ili yasa.

"Usadzapondenso pano! Ukafe nayo nyimbo yakoyo!"

Masiku angapo tauni inapuma. A Saimoni ankayenda ngati apambana mlandu, ngakhale Racheal ankangotula mbale n'kubwerera.

Loweruka lina m'mawa tinamva mabesi aja akuchokera ku siteshoni. Anakwera. Anakweranso. A Saimoni anaimika ntchito, khutu lili tcheru, kudikira thii. Thii sanabwere. Takisi inadutsa mumsewu magalasi akunjenjemera, nyimbo ili pamapeto penipeni.

Nkhope yawo inasintha, ndipo sikunali kukwiya. Anali mantha.

"Palibe fyuzi ingapirire zimenezo pa waya uja. Waikamo chiyani?"

Dalaivala wina wa minibasi amene ankagula vitumbuwa anayankha akuseka. "Tamuthandiza ife. Tapinda sipoko ya njinga, talowetsa. Ija siikupsa mpaka Yesu abwele."

"A Saimoni," ndinatero, "Racheal ali pampando wakutsogolo. Ndamuona."

Waya uja anadutsa pansi pa kapeti, mbali yomweyo ya wokwera. A Saimoni anamuyala okha, ankadziwa.

Sindinaonepo mdala akupalasa njinga chonchija. Anatenga ya munthu wina osapempha, patapata mmodzi anatsala pa benchi. Ine ndinasiya chiwaya ndi mnzanga, n'kukwera njinga ya hayala kuwatsatira, chifukwa nkhani ngati iyi sumvera kwa anthu.

Mulungu ndi wabwino, awiriwo anaima pafupi ndi mlatho kugula nzimbe, nyimbo ikadagunda. Pofika ine ndinapeza a Saimoni atamukoka Racheal kunja ngati thumba la mtedza. Fungo la pulasitiki yopsa linali thoo. Anatsegula boneti, anazula sipoko ija ndi zala, n'kukuwa chifukwa inali yotentha ngati khala. Nyimbo inafa. Atafunyulula kapeti, chikopa cha waya chinali chitafewa ngati phula, penapake chitayamba kuda, pomwe panali mapazi a mwana wawo.

Haswell anagwada m'fumbi.

"Adada, sininadziwe. Mwanikana imwe, manje nikanayenda kuti?"

A Saimoni sanamuyang'ane. Anaima akupemerera zala zawo. Racheal ndiye analankhula, misozi ili mbwe.

"Ababa, ija yofiira ndinaiona kalekale. Ndinakulira pa benchi lanu ine, teni ndi sate ndimazidziwa. Ndinangokhala chete chifukwa inkamubweretsa."

Aa, koma ana a masiku ano!

A Saimoni analamula kuti nyimbo isayatsidwe, galimoto ibwerere ku benchi. Anapita kunyumba n'kubwera ndi mkombero wa waya wa folo, kopa weniweni, wolemera ngati unyolo, umene ankasungira ntchito ya bwana wamkulu. Anazula wabodza uja yense. Anayala watsopano, kumuveka mphira paliponse podutsa pa chitsulo, kumanga fyuzi yaikulu yoyenerana naye pambali pa batire. Anagwira mpaka dzuwa kupendeka, ndi zala zamatuza, osalola munthu kuwathandiza.

Haswell anayesa kuwapatsira sipanala. A Saimoni anayang'ana kwa ine.

"Mayi Faides, muwauze awo aime patali."

Haswell ali pomwepo, mapazi awiri kuchokera pa iwo!

"Muwauzenso kuti akadzaikamo sipoko ina, ndidzawapinda iwowo n'kuwalowetsamo."

Mnyamatayo anasuntha, nkhope itagwa, n'kundinong'oneza kuti adada amuda mpaka sakufuna n'kulankhula naye komwe. Ndinamuponda phazi.

"Chitsiru iwe. Dzulo unali iwe, lero ndiwe awo. Ndani amalankhulidwa kudzera mwa munthu wina, ngati si mkamwini?"

A Saimoni anamva, koma anapitiriza kumanga nati.

"Ndipo muwauze," anatero mutu uli m'boneti, "kuti kwathu kuli chitseko. Atumize akuluakulu awo. Mwana wanga saitanidwa ndi mabesi ngati wokwera takisi."

Akuluakulu a ku Kapichila anabwera, zonse zinayenda mwa dongosolo, ukwati tinavina. Kenako Haswell anapeza malo abwino oimikapo takisi ku Chipata, ndipo tsiku losamuka linafika. Katundu wa Racheal anadzaza buti, matiresi pamwamba. Anadzera pa benchi kudzatsazika. A Saimoni anatsegula boneti, anagwedeza waya, anayang'ana fyuzi, anatseka. Anatsegulanso, n'kuyang'ananso. Racheal anawakumbatira, iwo n'kumati, "Pita, pita, ndili ndi ntchito," pomwe pa benchi panalibe galimoto ina.

Atafika pa ngodya ya msika, Haswell anapotokola mpaka pamapeto, kutsazika tauni. Malata ananjenjemera. A Saimoni anaima pakati pa msewu, khutu lili tcheru, milomo ikuyenda. Ndinawayandikira, ndipo ndinamva akunong'ona.

"Ipsa. Ipsa, mwana wanga abwerere."

Nyimbo inatsetsereka ndi msewu wa ku Chipata, yosalala, yosakhosomola, mpaka inazimirira patali. Ndinawamvera chisoni mdala uja kuposa tsiku limene tinaika mayi Jenala.

Anabwerera pa benchi, anakhala pansi, n'kupukuta m'maso ndi chiguduli cha girisi.

"Siingapse," anatero. "Ndamanga ndine."