Maloya Atafuna Kumva kwa Hemapala

Hemapala sankakhulupirira munthu wovala tayi. Ntchito yake inali yosenda makungwa a sinamoni, okometsera zakudya, m'minda ya anthu ena cha kumtunda kwa tauni ya Ambalangoda. Anali wamfupi, wowonda, wolankhula akuyang'ana cham'mbali. Ukamulonjera mwansangala kwambiri, ankayamba waganiza kaye chimene ukufuna kwa iye.

Khalidwe limeneli sanabadwe nalo. Analitola kukhoti.

Agogo ake anasiya munda wa kokonati wokhala ndi chitsime pakati, koma sanaugawe. Ana awo anaulowa onse pamodzi, adzukulu nawonso, mpaka aliyense anali ndi gawo koma panalibe woti n'kuloza pansi kuti apa ndi panga. Bambo ake a Hemapala ndi amene anakasuma kuti khoti ligawe, ndipo anamwalira mlandu uli m'kati. Hemapala anaulandira akadali mbeta. Anakwatira Kusuma, anabereka ana, imvi zinamera, mlandu ulipobe. Akamwalira mmodzi wa eni munda, mlandu unkaima kuti alowetse mayina a ana ake. Akapezeka onse, ndiye kuti woyeza malo wadwala, kapena woweruza wasamutsidwa.

Amene ankamuyesa mdani wamkulu anali msuweni wake Siripala, dalaivala wa basi wopuma pantchito, yemwe anamanga nyumba pafupi ndi chitsime osafunsa munthu. Akakumana pakhonde la khoti, moni wawo unali wa mano okha.

"Asuweni, mukadali moyo?" ankatero Siripala.

"Ndikudikira mutsogole ndinu. Kokonati wa agogo wakunenepetsani mokwanira."

Loya wa banja lawo atamwalira, mlandu unatsala m'manja mwa mwana wake wamkazi, Nilmini. Hemapala ankamudziwa kuyambira ali kamtsikana kosewera pakhomo la ofesi, koma zimenezo sizinamufewetse mtima. "Bambo wake anakama mlandu wanga mpaka kufa, tsopano wasiyira mwana ng'ombeyo," ankamuuza mkazi wake.

Tsiku lina, mlandu atauimitsanso, Nilmini anamuitanira pambali.

"Bambo Hemapala, boma likufuna kusintha lamulo logawira malo a cholowa, ndipo lapempha maganizo a maloya. Bungwe lathu lasankha komiti, ine ndili momwemo. Tikufuna kumva kwa anthu ngati inu amene mwakalambira pakhonde pano. Mubwere mudzalankhule."

Hemapala anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Maloya akufuna kufupikitsa milandu? Nanga inu mayi mudzadya chiyani?"

"Funso limenelo mudzalifunse komweko," anatero Nilmini, osaseka.

Kunyumba anapeza Kusuma akusankha mpunga, ndipo anamufotokozera zonse. "Ndi msampha umenewu. Akufuna ndikalankhule pagulu, mawu angawo akawapereke kwa loya wa Siripala."

"Inu abambo, nkhani ya mlanduwu mwailankhula m'basi, pamaliro, ngakhale kukachisi pamaso pa amonke. Chinsinsi chatsala n'chiti?"

M'mawa mwake Hemapala anapita kokamwa tiyi kumsika, n'kuifotokoza nkhaniyo ngati ya munthu wina. Mwini tiyi anagwedeza mutu. "Amenewo atumidwa ndi a mahotela, madala. Malo osagawa sagulika. Akangogawa, mudzawaona akubwera ndi magalimoto." Hemapala anamva ngati wina wamukanda pamene pankayabwa. Anatsimikiza zopita, koma kuti akangomvetsera ndi kuwawerenga nkhope.

Komiti inakumana mu holo ya sukulu. Maloya anakhala kuseri kwa tebulo lalitali, anthu wamba pamabenchi a ana. Hemapala atangokhala pansi, wina anamugunda ndi chigongono. Anali Siripala, atavala malaya oyera ositidwa.

"Ndiye mwakonza ndinu zimenezi, asuweni?" anafunsa Siripala.

"Ine ndimati ndinu."

Anayang'anizana, wina aliyense akuona bodza pankhope ya mnzake, koma benchi ina yopanda anthu panalibe.

Wapampando, loya wachikulire wa mawu otsika, anafotokoza zimene komiti inkalingalira. Achibale asanasumirane, aziyamba akhala pansi ndi mkhalapakati ndi woyeza malo. Wina akamwalira, mlandu usamaime. Ndipo pakhale nthawi yoti mlandu wogawa malo usapitirire. Asanamalize, loya wina wathupi, Bambo Gunatilleke, anamudula.

"Liwiro limeneli lidzapondereza ofooka. Amene akugwira ntchito kunja adzamva munda utagawidwa kale. Akazi amasiye adzawasainitsa zinthu zosazidziwa."

Nilmini anamuyankha kuti akazi amasiyewo akufa asanaone gawo lawo. Mkangano unakula, unalowa m'Chingelezi, mitsempha ya m'khosi ili njo. Hemapala anati mumtima mwake ndi sewero, anagwirizana kale. Komabe anaona kuti Nilmini atakhala pansi, loya amene anali pambali pake anasunthira mpando kutali. Zimenezo zinamusokoneza pang'ono.

Atamva dzina lake, anaimirira, n'kumanganso saroni yake, nsalu ya m'chiuno.

"Ine ndabwera ndi funso limodzi, mabwana. Inu mumadya mlandu ukatalika. Kodi mwakhuta?"

Anthu anaseka, Siripala yemwe.

"Ena mwa ife sanakhute, bambo," anatero wapampando. "N'chifukwa chake mwamva phokosoli. Koma tiuzeni, mlandu wanu umaima pati?"

Hemapala anabwera kudzakhala chete, koma pakamwa panamuthawa. Ananena za bambo ake, amene anamwalira akufunsa tsiku la kukhoti. Ananena za mchemwali wake amene anakalamba akukhala m'nyumba ya lendi, munda wa agogo ake uli poteropo. Ananena kuti kwawo uthenga wa maliro ukafika, anthu amayamba awerenga ana a malemuyo kuti adziwe mlandu uchedwa bwanji. Kenako anakumbukira za kumsika zija.

"Nanga a mahotela? Si iwo akutumani?"

"Sanatitume. Koma kubwera adzabwera ndithu. Lamulo silingakuletseni kugulitsa, ndipo silingakukakamizeni," anatero wapampando.

Hemapala anakhala pansi wosakondwa. Munthu amene wavomera msanga chonchi, anaganiza, ndiye kuti akubisa chachikulu.

Panapita nyengo zingapo za sinamoni osamva kanthu. Ankati akakumana ndi Nilmini n'kufunsa monyodola za komiti ija, iye ankangoti maganizo awo anapita ku boma. Mpaka tsiku lina wailesi inalengeza kuti lamulo latsopano ladutsa. Hemapala anathamangira ku ofesi, n'kukamva kuti likukhudza milandu yatsopano yokha.

"Ndinanena ine! Yakale mwaisunga kuti muzidyabe."

"Tinapempha kuti yakale ilowenso, anatichotsera," anatero Nilmini. Ankaoneka wotopa. "Koma njira ilipo. Eni munda nonse mukagwirizana, tiuchotsa mlandu wakalewu, tiyambe mwatsopano ndi mkhalapakati."

"Ndiuchotse? Kenako Siripala akane, ine nditsale manja lende?"

Anatuluka osatsanzika. Kwa miyezi ankaitembenuza nkhaniyo m'mutu, akufunafuna pamene pali mbedza. Anakafunsa ngakhale kwa loya wina m'tauni ina, yemwe anamuuza zomwezo, ndipo Hemapala anabwerako akuti onsewo ndi amodzi.

Amene anatha nkhaniyi ndi Kusuma. Osauza mwamuna wake, anapita kwa mkazi wa Siripala atanyamula nthochi, ndipo amayi awiriwo anazungulira achibale onse, a kutali n'kuwaimbira foni. Amuna anangouzidwa tsiku.

Mu ofesi ya Nilmini onse anasaina, kutsala awiri.

"Yambani ndinu, asuweni, ndinu wamkulu," anatero Siripala.

"Ukulu wanga mwaukumbukira lero? Sainani."

Nilmini anawasiya akangane mpaka tiyi anazizira. Kenako anaika pepala pakati pawo, n'kupatsa aliyense cholembera chake. Anasaina nthawi imodzi, mitu itagundana, aliyense diso lili pa dzanja la mnzake.

Chaka chisanathe munda unagawidwa. Hemapala analandira kachigawo kakatali, kopapatiza, ka m'mbali mwa msewu. Chitsime chinagwera kwa Siripala, ena onse n'kupatsidwa njira yokatungira. Hemapala anati woyeza malo anadyetsedwa, ngakhale umboni analibe. Posakhalitsa Siripala anagulitsa gawo lake kwa munthu womanga nyumba ya alendo, nasamukira kwa mwana wake mumzinda wa Colombo.

"Mwaona?" Hemapala anauza anthu a pa tiyi. "Komiti yonse ija inali ya zimenezi."

Iye sanagulitse. Obwera ndi magalimoto ankawayankhira kuseri kwa mpanda. Pa kachigawo kake anamangira mwana wake wamkazi nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo mchemwali wake anadzala chinangwa pa gawo loyandikana nalo. Tsiku lolowa m'nyumbamo anaitana Nilmini, anamupatsa mpunga wophika ndi mkaka wa kokonati, koma zikomo sanamuuze. Anangomufunsa ngati pepala la malowo silingadzasinthidwe iye atafa. Nilmini anati ayi. Hemapala anamufunsanso kachiwiri.

Akusendabe sinamoni, ngakhale maso ayamba kuchita chifunga. Chaka chatha anamva kuti komiti ya maloya ikubweranso ku holo ija, ulendo uno za lamulo la lendi. Iye sanachitepo lendi ndipo alibe nyumba yobwereketsa, koma anavala malaya ake abwino.

"Mukukatani kumeneko, abambo?" anafunsa Kusuma.

"Amenewo si oti n'kuwasiya okha m'chipinda," anatero, natuluka kukadikira basi.