Botolo Losatha la a Mapenti

A Mapenti ajambula nkhope za anthu kwa zaka makumi awiri, koma sanakhulupirirepo nkhope iliyonse yoyandikira mabotolo awo. M'kachipinda kawo kuseri kwa nyumba, pashelefu yapamwamba, pamakhala mabotolo awiri: la tapentaini wosungunulira penti ndi kutsukira maburashi, ndi la mafuta a linsidi, amene amafewetsa penti n'kumuumitsa mowala.

Mnzawo wokangana naye ndi Wazikwangwani, wolemba zikwangwani za mashopu, amene amabwera masana aliwonse kudzawaputa dala.

"Achimwene, palafini amatsuka burashi chimodzimodzi. Inu mumangogula fungo."

"Palafini ndi wa nyali," amayankha a Mapenti. "Nkhope ya munthu si chikwangwani cha butchala."

Ntchito imene inawasowetsa mtendere inali chithunzi cha malemu apongozi awo aamuna. Apongozi aakazi anabwera kudzachitenga, nanenetsa kuti sabwerera kwawo opanda amuna awo. Mayiwa sanavomerepo kuti kujambula ndi ntchito. Kwa iwo, mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wamkulu wosewera ndi utoto. Chithunzichi chinali mwayi wowatseka pakamwa, komanso, tinene zoona, wowakweza basi yobwerera kwawo.

Masabata atatu anatha, penti osauma. Ntchentche ziwiri zinakanirira pachipumi pa malemu, nyerere zinandanda pa tayi ngati zikupita kumaliro kachiwiri.

Woyamba kuganiziridwa anali Wazikwangwani. A Mapenti anamudikira, namusonyeza botolo la tapentaini.

"Nunkhizani. Simunathiremo palafini wanu uja kuti mupambane mkangano?"

"Ine ndiwononge palafini wanga pa inu? Funsani wakusitolo amene amakumwetulirani uja."

Wakusitolo anafunsidwa, nakwiya. Mayi a kunyumba nawonso anafunsidwa mozungulira, ndipo anayankha mosazungulira: "Bambo, m'kachipinda kanu konunkhako ndingalowemo kudzatani? Mwina malemuwo sakufuna kuuma m'manja mwanu."

Tsiku lina akupukuta shelefu, a Mapenti anaima chilili. Botolo la linsidi analitsegula apongozi asanabwere, ndipo ankathira tsiku ndi tsiku, koma linali lodzaza mpaka m'khosi. Anapungulirako theka m'kachitini, nalengeza mokweza kuti akupita kukagula maburashi, kenaka anazungulira nyumba n'kukabisala kuseri kwa chinsalu chachikulu chojambulapo.

Sipanapite nthawi, chitseko chinalira. Analowa apongozi, m'manja muli kapu. Anakwera pakampando, natsitsa botolo, nayamba kuthiramo mosamala, lilime lili panja.

"Amayi," anatero a Mapenti akutuluka, mawu ali pansi, "mukuthiramo chiyani?"

Apongozi sanadzidzimuke n'komwe. "Mafuta. Ndinakumvani mukudandaula kuti anuwa ndi odula. Akukhitchini aja ndi oyera kuposa anu achikasuwa."

"Amenewo ndi ophikira, amayi. Sauma. Ngakhale chaka chithe."

"Mafuta ndi mafuta, bambo. Amuna anga ndawadyetsa omwewa zaka makumi anayi, sanadandaulepo."

Koma apongozi sayankhidwa zonse. A Mapenti anangofotokoza mwaulemu kuti nkhope yonse iyenera kupalidwa, ayambirenso mwatsopano, ndipo kujambula ndi kuuma kutenga masabata asanu ndi limodzi.

"Asanu ndi limodzi," anabwereza apongozi, akupukuta kapu ndi nsonga ya nsalu yawo. "Palibe kanthu, ndidikira. Ulendo uno mphuno muichepetseko."

Anatuluka akung'ung'udza kanyimbo. A Mapenti anawayang'ana mpaka anakhota, ndipo mpaka lero amauza Wazikwangwani kuti munthu wolakwitsa mwangozi sayimba. Madzulo a tsikulo anakhomera loko pachitseko, ndipo botolo latsopano analilemba mzere ndi penti wofiira pamene mafuta alekeza.