Misomali ya M'ngalande za Lata

Ndikukumbukira Loweruka lina dzuwa likuswa mtengo, kwathu ku Chilobwe, pamene abambo anandikweza padenga. Ndinali sitandade faifi, kamtsikana kowonda ngati bango. Chimphepo chinali chitakanganula lata limodzi pamwamba pa chipinda cha makolo, ndiye linkangoti phaphapha tsiku lonse. Abambo anali kalaliki ku Limbe, koma mumtima mwawo anali mmisiri wa chilichonse. Mpopi ukamadontha ankaumanga ndi legeni, chitseko chikamalira ankachithira mafuta ophikira, ndipo mukanena zoitana mmisiri ankakuyang'anani ngati mwawatukwana. Chinkawagwetsa mphwayi ndi mimba basi. Atangoponda padenga mtanda unalira, iwo n'kutsika msangamsanga thukuta lili kamukamu, kenako maso awo anagwera pa ine.

Amayi anali atapita ku msonkhano wa amayi a kumpingo. Akanakhalapo, zoti mwana wamkazi akwere padenga, diresi likuuluzika anthu akuona, sizikanatheka m'pang'ono pomwe. Abambo anandikoka khutu n'kunena kuti nkhaniyi ithere pomwepo, amayi asamve. Tinaphwanya zitsekerero za mabotolo mpaka zitaphwathalala, tinadula tizidutswa ta chubu cha njinga, kuti msomali uliwonse ukhale ndi chipewa chake madzi asalowe. Ndinaika zonsezo m'thumba, hamala m'manja, ine uyo pamakwerero.

Malata ankawotcha kumapazi moti ndinkangodumphadumpha. Abambo ankalamula ali pansi, koma sankaona chimene ndinkachita. Ndikaika msomali pamsana pa lata unkaterereka, wina unapindika, ndipo hamala inanditswanya chala mpaka ndinaona nyenyezi masana. Ndiye ndinaganiza zanga zanzeru. Ndinayamba kukhoma m'ngalande za lata, motsika muja, mmene msomali unkakhazikika bwino osagwedera. Misomali isanu ndi umodzi inalowa mosavuta, lata linasiya kulira, ine n'kutsika ndikudzimva kuti ndine katswiri.

Potsikapo ndinaona a Zuze akundiyang'ana. A Zuze ankachita lendi kanyumba kathu kakuseri, ndipo ankakhoma mbaula ndi ndowa pansi pa mtengo wa mapeyala. Makolo awo anachokera ku Mozambiki, koma iwo anabadwira konkuno. Mwana wawo Rozina anali mnzanga wa ponda apa nane m'pondepo; tinkadyera mbale imodzi, kusukulu tinkapitira limodzi. Tsikulo a Zuze anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena kanthu, anayang'ana abambo amene ankadziguguda pachifuwa, n'kubwerera ku ndowa yawo.

Mvula yoyamba inagwa Lachinayi masana. Fungo la dothi lonyowa linadzaza pabwalo, ife ana tikuvina m'matope, ndiye tinangomva amayi akukuwa m'nyumba. Madzi ankagwa pabedi pawo, malo asanu ndi amodzi, mondondozana bwinobwino ngati wina wachita kuyeza. Pabalaza panali pouma, kuchipinda kwathu kouma, kukhitchini kumene kunali malata akale adzimbiri nako kouma. Amayi anaima manja ali m'chiuno n'kufunsa kuti ndi mvula yanji imene imasankha bedi la mwini nyumba. Abambo atabwera ku ntchito anangokoka bedi n'kutchera mabeseni.

Amayi anga sanali munthu woipa, koma akakayikira chinthu ankachilondola ngati galu wa alenje. Anakumbukira kuti Lachiwiri lake anakangana ndi amake a Rozina pa nkhani ya chingwe choyanikapo zovala, ndipo mayiyo anachoka akung'ung'udza m'Chisena. Anakumbukiranso kuti banjalo limapemphera ndi kolona, ife tili a Chipresibiteriya, ngakhale sindidziwa kuti zimenezo zinkagwirizana bwanji ndi denga. Choipitsitsa, a Zuze anayamba chizolowezi choima pabwalo n'kumayang'ana denga lathu akupukusa mutu. Amayi ankawasuzumira pakatani n'kumati, mwaona, akuyendera ntchito yawo.

Kenako posesa kuseri kwa chipinda chawo anatola chitsekerero chophwathalala, chobooka pakati, chili ndi kachidutswa ka labala wakuda. Sanachigwire ndi manja, anachinyamula ndi timitengo tiwiri n'kudzachiika patebulo pamaso pa abambo. Ine ndinachizindikira nthawi yomweyo, chinali chimodzi mwa zija zinandipulumuka ndili padenga. Ndinayang'ana abambo. Abambo anakweza nyuzipepala mpaka kuphimba nkhope. Tsiku lomwelo amayi anawaza mchere kuzungulira nyumba, ndipo anandiletsa kudya chilichonse cha kwa a Rozina, ngakhale chitumbuwa.

Ndinene zoona, nanenso ndinayamba kuwaopa a Zuze. Chitsekererocho ndinkadziwa kuti n'changa, koma zoti kudonthako n'chifukwa cha misomali yanga sizinandibwerere m'mutu, poti ndinkakhulupirira kuti ndinakhoma bwino. Hamala yawo ikamalira kuseri, ndinkamva ngati akuitana zinazake. Rozina akandimwetulira ndinkayang'ana kumbali.

Mvula yachitatu itagwa, a Zuze anabwera pakhomo atavula chipewa. Ananena mwaulemu kuti ali ndi phula pang'ono, atha kukwera n'kutseka mabowowo, osalipiritsa. Abambo anali atayamba kale kugwedeza mutu movomera, koma amayi anawadula.

"Mwadziwa bwanji kuti pali mabowo, inu simunakwerepo? Woika yemweyo, wochotsa yemweyo? Ayi, zikomo. Mwezi ukatha mutipatse nyumba yathu."

A Zuze anayang'ananso abambo, nthawi yaitali ndithu. Abambo ankayang'ana nsapato zawo.

Patapita masiku awiri ndikutunga madzi pampopi, a Zuze anandikodola. Ndinapita monyinyirika. Anatenga chidutswa cha lata, anachipendeketsa, n'kuthirapo madzi a m'kapu. Madzi onse anathamangira m'ngalande, pamsana n'kutsala pouma.

"Waona, mwananga? Msomali umakhala pamwambapa, pomwe madzi sadutsa. Ukakhoma m'munsimu watsegulira mtsinje khomo."

Ndowa inandilemera ngakhale inali isanadzaze. Ndinawafunsa chifukwa chake sanawauze amayi. Anaseka pang'ono n'kunena kuti iwo ndi munthu wa lendi, sangavule mwini nyumba pamaso pa mkazi wake, komanso sangapereke mwana kuti akwapulidwe. Anati zimenezo n'zoti abambo anga anene okha.

Madzulo ake ndinawapeza abambo akupukuta njinga n'kuwauza zonse. Sanadabwe, ndipo apa m'pamene ndinadziwa kuti iwo anali atazindikira kalekale. Anati tidikire kaye mtima wa amayi utsike, adzawafotokozera bwinobwino. Ndinadikira. Tsiku lililonse ndinkati lero anena, tsiku lililonse ankabwera ku ntchito, kusamba, kudya, kumvera wailesi. Inenso pakamwa ndinali napo, koma ndikaganiza za mkwapulo komanso za nkhope ya abambo akayaluka, ndinkangozengereza. Paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kwathu makoswe tinalipo awiri, wamkulu ndi wamng'ono, ndipo mlandu wathu anasenza ndi munthu wosalakwa.

A Zuze ndi banja lawo anasamuka Loweruka m'mawa, katundu ali pa wilibala ziwiri zobwereka. Akazi a m'mudzimo anaima m'makonde akunong'onezana, poti nkhani ya mchere ija inali itafika paliponse. Rozina anabwera pomwe ndinaima, atanyamula mbaula pamutu.

"Nawenso ukuti abambo anga ndi mfiti?"

Ndinkafuna kunena kuti ayi. Koma amayi anali kumbuyo kwanga, ndipo ndinangoyang'ana pansi n'kumakanda dothi ndi chala chakuphazi. Rozina anadikira pang'ono, kenako anatembenuka n'kutsatira wilibala. Manyazi a tsiku limenelo sanandichokebe.

Sabata yotsatira amayi atapita kumsika, abambo anayala thabwa padenga kuti mtanda usathyoke, n'kukwera okha, ndi mimba yawo yomweyo. Anazula misomali yanga, anamata mabowo ndi phula, anakhoma ina pamsana. Mvula itabweranso, pabedi sipanagwe ngakhale dontho. Amayi anauza aliyense wofuna kumva kuti taonani, anthu aja angochoka, nyumba yachira.

Masiku ano zinthu zinasintha. Ndimakhala ku Chinyonga, ndipo kanthu kakawonongeka ana anga amangoyang'ana pafoni n'kuona kakonzedwe kake, kapena timaimbira mmisiri. Palibe amene angatume kamwana padenga ndi zitsekerero za mabotolo. Koma kukayikirana kokha sikunasinthe kwenikweni. Khoma likang'ambika kapena mpopi ukauma, ndimamvabe anthu akuloza chala oyandikana nawo asanayang'ane n'komwe chimene chawonongeka.

Amayi ndinadzawauza ndili kale ndi ana awiri, abambo atatisiya. Tinkasenda nandolo pakhonde, ndipo ndinaifotokoza ngati nkhani yoseketsa, ndikuyembekeza kuti aseka nane. Sanaseke. Anasiya nandolo, anapukuta manja pachitenje, n'kunditembenukira.

"Ndiye inu awiri munandisiya ndichimwire anthu osalakwa, mukungoonerera?"

Kenako anandifunsa ngati ndikudziwa kumene a Zuze anasamukira, kuti apite akapepese asanafe. Ndinafunsa ku Chilobwe konse, kwa okhoma ndowa a ku Limbe, ngakhale kutchalitchi kwawo. Palibe anadziwa. Amayi anamwalira akundifunsabe ngati ndawapeza.